Tizigoba ta m'Dothi la Achimwene

Chaka sindichikumbuka, ndipo amene akanandikumbutsa anatha kupita. Ndimangodziwa kuti mango anali asanapse pamene munthu wina wamtali, wotuwa mbuu, anafika pakhomo pathu n'kukhala pansi osaodira n'komwe. Anati dzina lake ndi Mangulenje. Anali mnzawo wa achimwene anga a Josamu, amene anachoka kumudzi kalekale kukalowa gulu la okumba zitsime, anthu oyendayenda aja osakhalitsa pamalo.

Anatulutsa kansalu komanga mfundo n'kukaika pamapazi pa amayi.

"Chitsime chinagumuka," anatero. "Ine anandikoka. Iwo anatsala. Dothi lake ndi ili."

Amayi sanalire pomwepo. Anafunsa kuti chitsimecho chili kuti. Mangulenje anayang'ana kumwamba, anayang'ana manja ake, kenaka anati kumeneko n'koyera. Malume anamufunsa dzina la mudzi, la mtsinje, ngakhale la msika umene ankagulako fodya. Iye ankangoti n'koyera, ndipo anthu ake ndi abwino. Dothi lija linali litamupsinja mutu, mayina onse anatsalira m'dzenjemo. Kutacha tinangopeza mphasa imene anagonapo.

Kwathu munthu akafera kutali, mtembo osabwera, wachibale amapita pamene wagonapo. Amamuitana ndi chiwongo chake, amamuuza kuti tiyeni kumudzi, ndipo amatapa dothi ndi dzanja lake. Dothi limenelo ndilo timaika m'manda. Mangulenje anachita bwino, koma sanali wachibale, ndipo sanaitane.

"Ili ndi dothi chabe," anatero amayi. "Mwana wanga akadali komweko, akudikira womutchula. Sindimeta ine, ndipo m'manda simulowa kanthu, mpaka wina wa pakhomo pano akaime pachitsimepo."

Malume miyendo inali itatha. Amuna ena a pabanja pathu anali ndi zifukwa, aliyense chake, zonenepa bwino. Ine ndinalibe mwamuna, ndinalibe mwana, ndipo pakamwa panga pankawatopetsa anthu, choncho anagwirizana mosavuta kuti woyenera ulendowo ndine. Ndinakwiya. Koma ndinavomera, chifukwa achimwene aja ndiwo ankandibereka powoloka mtsinje popita kusukulu, ine ndikuwamenya makofi pamsana kuti afulumire.

Ndisananyamuke ndinamasula kansalu kaja padzuwa. Dothi lake linali loyera, lonyenyeka, ndipo mkati mwake munali tinthu tambirimbiri tonga njere za tsabola, tozungulira, totupa pakati, tolimba gwa. Tonse tinkati ndi mbewu. Azakhali anadzala tiwiri kuseri kwa khola n'kumathirira, koma sitinamere. Ine ndinaganiza kuti dothi lotere silingakhale paliponse. Ndikapeza kumene kuli tinjere timeneti, ndapeza achimwene.

Njira za zaka zimenezo ndimaziona ngati kutulo. Ndinkachoka m'mudzi m'mawa, ndikafika m'mudzi wina n'kupeza mtengo womwewo, galu yemweyo, mayi yemweyo akusinja, kungoti wavala chitenje china. Masana dzuwa likalimba ndinkamva ngati ndikuyenda pansi pa madzi akuya, mapazi akulemera, mawu a anthu akufika mochedwa. Sindinkadwala. Ndinkangoyenda.

Ndinayamba ndafika m'mudzi wa oumba mbiya. Wamkulu wawo, mayi Nasoko, anamasula kansalu kanga, anatsina pang'ono, analawa, n'kulavula.

"Ili silimva madzi, mwanawe," anatero. "Ukaliumba, mbiya imasweka isanaone moto. Lathu kuno ndi lofiira. Kafunse kwa owotcha laimu."

"Ali kuti owotcha laimuwo?"

"Kutsogolo. Koma ndi mapazi otupa amenewo sufika. Khala, uponde dothi."

Ndinakhala. Ndinaphunzira kuponda dothi mpaka lisiye kumata kumapazi, kulipota ngati chingwe, kulizunguliza likukwera m'mwamba mpaka mbiya ioneke pakamwa. Zanga zinkatuluka zopendekera, ndipo mayi Nasoko ankati zikufanana ndi mwini wake, nazonso zikufuna kuchoka. Amayi onse a m'mudzimo anabwera kudzaona dothi langa, ndipo aliyense ankatsina. Anthu sakhulupirira maso, amafuna chala chigwire. Pochoka, mfundo ya kansalu inali itatsika pang'ono.

Owotcha laimu ndinawapeza kuseri kwa phiri, kumene mitengo inali itatha ndipo utsi sunkachoka. Mwini ng'anjo yaikulu anali a Kaphamtengo, bambo wofatsa, wamasiye, nsidze zoyera ndi fumbi. Nawonso anatsina. Anaponya pamakala, anadikira, anadonthezapo madzi, dothi lija n'kuwira.

"Ndi mwala wa laimu ndithu," anatero. "Koma wathu ulibe mbewu." Anaswa mwala wawo ndi nyundo kundionetsa. Mkati munkanyezimira ngati shuga, mopanda kanjere ndi kamodzi komwe.

Ndikanapitirira tsiku lomwelo, koma mvula inagwa, mtsinje unadzaza, ndipo a Kaphamtengo anali ndi nyumba yosadontha. Ndinaphunzira kusanja miyala m'ng'anjo, ikuluikulu pansi, ing'onoing'ono pamwamba, kusiya mipata yoti moto upume. Manja anga anang'aluka, kenaka anazolowera. Mtsinje unaphwa, unadzazanso, unaphwanso, ine ndili pomwepo. Anthu anayamba kunditchula kuti akazi a Kaphamtengo, ndipo sindinatsutse.

Kansalu ndinkakasunga kudenga. Bambo aja sankakakonda. Tsiku lina anati, "Mayi, mwayenda mokwanira. Tikakwirire dothili kuseri kwa nyumba, tiike mwala, muzilira pafupi."

"Nanga amayi anga azilira kuti?"

Zokwirira dothilo sanadzanenenso. Anali munthu wabwino, ndinkawakonda, ndipo masiku ena ndinkaiwala dala kuyang'ana kudenga. Chifuwa cha laimu ndicho chinawatenga. Pamaliro awo ndinaima pamanda ndikudziwa bwinobwino pamene pali mutu ndi pamene pali miyendo, ndipo m'kati mwa kulira kwanga munalowa nsanje. Iwo anagona pamalo odziwika, achimwene ayi. Abale awo atandisudzula ndinatsitsa kansalu kanga.

Panjira ndinakumana ndi gulu la okumba zitsime. Silinali la achimwene. Magulu otere ndi ambiri, ndipo kapitawo wawo anati a Josamu amene akuwadziwa iye ndi amoyo ndipo amagulitsa njinga. Anatsinanso dothi langa, analifikisa pakati pa zala, n'kuliuluza. Ndinamukalipira. Anaseka, nati mkazi wa mawu otere angathe kugwira chingwe, chifukwa wapansi amamva.

Ndinagwira chingwe. Ndinaphunzira kuti nthaka ili ngati zofunda zoyala chimodzi pamwamba pa chinzake: lakuda, lofiira, nsangalabwi, kenaka thanthwe kapena madzi. Ndinaphunzira kumva ndi manja ngati wapansi wadzaza ndowa kapena akupempha kukwera. Ndinaphunziranso kuti khoma la chitsime likafuna kugwa limayamba layoyoka timchenga, ndipo ukaona zimenezo sufunsa, umangokoka. Ndowa iliyonse yotuluka ndinkaipenda. Anzanga ankati ndikufuna golide.

Chilimwe china tinakwera pamtunda wautali woyera, wokhala ndi midzi yondondozana pamsana pake. Tikukumba, ndowa inatuluka yoyera. Tinjere tanga tinalimo. Koma tinali tosakanikirana ndi zina zikuluzikulu, zaphwatalala, zonga mabatani a jekete. Ndinamasula kansalu. Mwanga munalibe batani ndi limodzi lomwe.

Kapitawo anasuzumira. "Dothi silibisa, mayi. Likanakhala la kuno, mabataniwa akanakhalamo. Lanu ndi la kwina, kwa tinjere tokhatokha."

Tonse tinaona kuti akunena zoona. Tinakumba m'midzi yambiri pamtunda umenewo, ndowa zikutuluka ndi mabatani, ine ndikuwataya kumbali. Sindinafunse aliyense za chitsime chogumuka. Ndikanafunsiranji kumalo koti si kumeneko? Gulu litatsikira kuchigwa ndinalisiya, n'kupita kukafuna mtunda wa tinjere tokhatokha. Ndinaufuna mpaka imvi zinayamba, ndipo paliponse ankatsina.

Mumzinda ndinalowa chifukwa cha njala. Kuseri kwa nyumba zazitali kunali shedi ya malata kumene anthu ofufuza za miyala ankatsukira dothi, ndipo ankafuna munthu wosanyansidwa ndi matope. Dothi linkabwera m'matumba kuchokera kumadera osiyanasiyana. Ine ndinkaliviika, ndinkalitsuka m'masefa, ndinkayanika zotsalira, n'kukapereka kwa a Chikopa. Awa anali bambo wachikulire wa magalasi ochindikala, wophunzira kwambiri, wosungulumwa. Ankakhala tsiku lonse ataweramira makina okulitsira zinthu, akusuntha tinthu ndi kaburashi konyowa, akuyankhula nato monong'ona.

Sindinawaonetse msanga kansalu kanga. Kanali katafota, zotsalamo zosadzaza ngakhale chikhatho cha mwana. Koma tsiku lina ndinaona m'sefa mwanga tinjere tofanana ndi tanga, ndipo ndinawafunsa kuti mbewu zimenezi n'za mtengo wanji.

"Si mbewu izi, mayi. Ndi nyumba."

"Nyumba za yani?"

"Za tamoyo ta m'nyanja ya mchere. Kanthu kopanda mutu, kopanda mwendo, kadontho chabe, koma kodziwa kumanga. Kakakula kamawonjeza chipinda, kakakulanso chipinda china. Kakafa, nyumbayo imamira. Zikaunjikana zaka zosawerengeka, ndiwo mwala woyerawu."

"Bambo, ine izi ndazipeza pamtunda pamene mbuzi zimavutika kukwera."

"Pamenepo panali pansi pa nyanja, anthu kusanakhale."

Ndinawayang'ana ngati ndiwo afunika kuwatsuka m'sefa. Koma anandiitana kuti ndiike diso pamakina awo, ndipo ndinaona. Zinali zigoba ndithu, zokongola moti ndinachita manyazi ndi mbiya zanga zija.

Kuyambira pamenepo, ndikamaliza kutsuka ankandikhazika pambali pawo. Anati tizigobati tili ndi mabanja ndi mafuko ngati ife, ndipo pofuna kudziwa kwawo kwa kachigoba umayamba ndi khoma. Ena ankatola timchenga n'kumata, khoma lawo ndi lokhakhala. Ena khoma lawo ndi losalala, loyera ngati mbale ya tiyi. Ena ndi loonekera ngati galasi, lokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Ukatha khoma umaona kasanjidwe ka zipinda: ena amazindandalika mzere umodzi, ena amazilukanitsa uku ndi uku ngati tsitsi, ena amazizunguliza ngati nkhata. Pomaliza umafuna khomo, ngati ndi kabowo kamodzi, kamng'alu, kapena timabowo tambiri. Ndinkalakwitsa kawirikawiri. Iwo sankakwiya, ankangobweza kachigobako kumbali kwanga ndi kaburashi kawo, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kukalipa.

Tsiku limene ndinamasula kansalu kanga pathebulo pawo, ndinawauza zonse. Sanatsine. Anali munthu woyamba kusatsina. Anayang'ana nthawi yaitali, manja ali kumbuyo.

"Khoma lagalasi, zipinda za nkhata," anatero. "Fuko limeneli linatha lonse, silinasiye mdzukulu m'nyanja iliyonse. Koma mitunda yoyera ilipo ingapo, ndipo uliwonse uli ndi mtundu wake. Kunja amafanana onse. Kuti ndidziwe wanu, tiyenera kuswa."

Ndinamanga kansalu kanga n'kutuluka. Pa dothi lonse limene Mangulenje anabweretsa, tinjere tathunthu tinali titatsala towerengeka, ndipo ndito tokha padziko lapansi timene ndinkadziwa kuti tinakhudza achimwene. Anthu anali atatsina mokwanira. Ndinapitiriza kutsuka matope a anthu ena, ndipo a Chikopa sanandikakamize.

Chimene chinandisintha ndi mayi wina wa kufupi ndi kwathu amene ndinakumana naye pa depoti. Anandizindikira ndi mawu, nkhope anali ataiiwala. Anati malume anamwalira, azakhali anamwalira. Amayi alipo, koma maso anatha, ndipo tsitsi lawo silinaonebe lumo. Amakhala pakhonde, ndipo akamva mapazi amafunsa ngati ndi ine.

M'mawa mwake ndinaika kanjere kamodzi pathebulo pa a Chikopa.

Anakaika pasupuni, anakawotcha pambaula mpaka kanatuwa, kenaka anakagwetsera m'kapu ya madzi ozizira. Kanalira thee, n'kugawika pakati ngati nyemba. Ndinaika diso pamakina. Mkati munali nkhata yozungulira kangapo, yodulidwa tizipinda, timakoma take topendekera mbali imodzi ngati udzu wa mumtsinje. Pakati penipeni panali chipinda choyamba, chozungulira, chachikulu bwino.

A Chikopa anatsegula madirowa awo, anatulutsa zigoba za kumitunda yosiyanasiyana, akuswa, akuyerekeza, akupukusa mutu. Kenaka anatulutsa batani longa aja a pamtunda woyera uja.

"Limenelo ayi," ndinatero. "Kumeneko ndinapitako kale. Si kumeneko."

Sanandimvere. Analiwotcha, analigwetsera m'madzi, anaika pambali pa kanga. Chipinda choyamba cha batanilo chinali kadontho kovuta kuona. Koma makoma anali opendekera chimodzimodzi, ndipo nkhata inkatambasuka mofanana, ngati zonse ziwiri zinaumbidwa ndi dzanja limodzi.

"Akatswiri akale anazipatsa mayina awiri," anatero. "Anakhala zaka zambiri akuti ndi mitundu iwiri, mpaka anadabwa kuti bwanji sizipezeka padera. Ndi mtundu umodzi, mayi. Chachikuluchi chimabereka tating'onoti, tating'onoti timabereka chachikuluchi. Pamene pali tinjere, mabatani amakhalapo. Mtunda wa tinjere tokhatokha kulibe. Dothi lanuli wina analisankha."

Pamenepo ndinakumbukira azakhali. Ndinawaona atakhala pakhonde tsiku limene Mangulenje anafika, dothi lili palichero, akutola timiyala tikulutikulu n'kumaponya kuchire, monga amachitira ndi mpunga. Ankati munthu wakufa samuika miyala pachifuwa. Anachita zimenezo mwaulemu, akulira, ndipo tonse tinaona kuti achita bwino.

Ndinalira m'shedi muja mokweza, mpaka alonda anabwera kudzasuzumira. Ndinatukwana lichero, ndinatukwana kapitawo, ndinawakalipira a Chikopa kuti bwanji sananene kale. Iwo anangoti sakanadziwa osaswa. Nditatonthola anandipatsa galasi lawo lam'manja lokulitsira zinthu, n'kundiuza basi yopita kumtunda woyera uja.

"Koma ndisakunamizeni," anatero. "Chigoba chimanena mtunda. Sichinena mudzi."

Mtunda uja ndinaupeza monga ndinausiyira, woyera, wautali, midzi itandondozana. Zitsime zimene tinakumba zinali zikutungidwabe. Ulendo uno sindinamasule kansalu. Ndinkangofunsa ngati kuno kunagumukapo chitsime n'kukwirira mlendo. Midzi yambiri anati ayi. Ina anati anamva, koma ndi kutsogolo.

Kutsogoloko ndinafika m'mudzi wina masana. Amayi amene ndinawapeza akusinja anasiya misi n'kunditsogolera kuseri kwa nyumba. Panali malo otsika pang'ono, ozingidwa ndi miyala yoyera, osesedwa bwino, pambali pake mtengo wa mbawa.

"Pano pagona mlendo," anatero wamkulu wawo. "Anali awiri pansi. Mmodzi anamukoka, winayo dothi linamukwirira. Tinayesa kukumba, dothi linkangobwerera. Dzina sitinalidziwe, anthu aja ankangoitanana kuti achimwene. Timasesapo ndife, poti eni ake sanabwere."

Ndinagwada. Mawu anga aja, otopetsa anthu, anatuluka aang'ono.

"A Mwale. Achimwene a Josamu. Ndine mlongo wanu, ndachedwa. Amayi akudikira. Tiyeni kumudzi."

Ndinatapa dothi ndi dzanja langa, mabatani ndi tinjere pamodzi, osachotsa kanthu, n'kumanga m'duku. Amayi aja analira nane. Anandipatsa madzi, anandipatsa chinangwa. Ndikutsanzika, mayi mmodzi amene sanayankhule nthawi yonseyo anandigwira dzanja.

"Kumapeto kwa mtunda mwafikako? Nakonso chinagumuka. Chaka chomwecho kapena chinzake. Nakonso anakoka mmodzi."

Ndinafuna kumutseka pakamwa. Ndinafuna kukwera basi n'kumapita ngati sindinamve. Ndinayenda ndithu kulowera kumsewu, duku lili pachifuwa. Koma miyendo inatembenuka yokha.

Kumapeto kwa mtunda ndinapeza amayi akusinja. Anasiya misi n'kunditsogolera kuseri kwa nyumba. Malo otsika, miyala yoyera, posesedwa bwino, kungoti mtengo wake unali wa mthethe.

"Pano pagona mlendo," anatero wamkulu wawo.

Ndinafunsa ngati anali wamtali. Wina anati wamtali, wina anati wapakatikati. Ndinafunsa ngati anali wakuda kapena woyererapo. Anati anthu aja akatuluka m'dzenje ankakhala oyera onse. Ndinafunsa za amene anamukoka, anati anachoka osatsanzika. Ndinabwerera kumudzi woyamba kukafunsa zomwezo, ndipo anandiyankha zomwezo. Ndinapempha supuni ndi makala, ndinaswa kanjere ka uku ndi ka uko ndi kanga kotsala, n'kuyang'ana pagalasi la a Chikopa mpaka maso anatuluka misozi. Nkhata yomweyo, makoma omwewo.

Kwathu kulowetsa mzimu wa mlendo m'manda a banja ndi nkhani yoopsa. Amati umasowa mtendere, ndipo umasowetsa mtendere ena. Ndinkadziwa zimenezo. Ndinkadziwanso kuti ndikasankha chitsime chimodzi n'kulakwitsa, achimwene adzakhala atamva mapazi anga akudutsa kachiwiri. Ndinang'amba duku pakati. Ndinagwada pansi pa mthethe uja n'kuitana monga ndinaitanira pansi pa mbawa, mawu omwewo, ndipo ndinatapa.

Njira yonse ya kumudzi ndinkakonza bodza. Ndikanabisa mfundo imodzi, amayi sakanaona. Ndinasankha ya mbawa, kenaka ya mthethe, kenaka ya mbawa. Ndinafika pamtsinje umene achimwene ankandiwolotsa ndisanasankhe.

Amayi anali pakhonde, aang'ono kuposa mmene ndinawasiyira, tsitsi loyera litapotana mpaka m'mapewa. Ndisanaodire anatukula mutu.

"Ndi iwe?"

"Ndine, amayi."

"Wakalamba mapazi. Wamupeza?"

Ndinagwada n'kuika mfundo zonse ziwiri pamiyendo pawo. Bodza lija linandithawa. Ndinawauza za mtunda woyera, za mbawa ndi mthethe, za amayi osesa. Ndinawauza kuti mmodzi mwa awiriwa ndi mwana wawo, winayo ndi mwana wa eni, ndipo palibe munthu wamoyo amene angasiyanitse. Ndinati ndalephera.

Abale anali atasonkhana. Mwana wa malume, amene tsopano ndiye ankayang'anira banja, anatsokomola.

"Azakhali, izi sizitheka. Mlendo salowa m'manda athu. Kapena tifunse kwa oombeza, kapena achemwaliwa abwererenso akafufuze bwino."

"Iwe unabwerera kuchokera kuti?" anatero amayi, osatembenuka.

Amayi anapapasa mfundo ya kumanja, anapapasa ya kumanzere. Anazinyamula ngati akuyesa kulemera kwake. Anazinunkhiza. Ndinkadikira kuti asankhe, chifukwa amati mayi amadziwa, ndipo ndinkaopa kuti asankha.

"Unaitana konse kuwiri?"

"Eya, amayi."

"Ndi chiwongo chake?"

"Eya."

"Alipo anakana?"

"Ayi, amayi."

Anamasula mfundo yoyamba n'kukhuthulira pachitenje chawo. Anamasula yachiwiri n'kukhuthulira pomwepo. Mwana wa malume anaimirira, koma anali atachedwa. Amayi anapisa manja onse awiri m'dothi loyera lija n'kulisakaniza pang'onopang'ono, tizigoba tikulira pakati pa zala zawo, mpaka panalibenso la mbawa kapena la mthethe. Pamenepo m'pamene misozi inayamba kutsika m'maso awo akufa aja.

"Winayu amake atopa kumudikira," anatero. "Uwauze anyamata akumbe dzenje lotakasuka. Ndikuika ana awiri."